Kodi Ndakatulo ya Mvula Imakoma ndi Chiyani?

Mitambo ikayamba kusonkhana pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ana athu a ku Chisepo amafuna kutamanda mvula m'ndakatulo. Ambiri a iwo amavutika kufananitsa mathero a mizere monga achitira Angerezi. Koma m'Chichewa pafupifupi mawu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ochuluka amathera ndi a. Choncho kufananitsa mathero si luso lalikulu ayi.

Tiyeni tione mizere iwiri iyi imene tapeka:

Mitambo yakuda yakuta mapiri,
Mvula yagwa, Bua wadzaza tho!

Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 12, mawu anayi a maphatikizo atatuatatu, ndipo ukugunda mofanana ngati misi pamtondo. Phatikizo la "ya" labwerezedwa chifukwa likugwirizana ndi dzina loti mitambo. Polakatula timakoka "pi" wa mapiri, pakuti chinenero chathu chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Mzere wachiwiri ngwaufupi, maphatikizo 10, ndipo mvekero "tho" waudula mwadzidzidzi. Mathero sakufanana, komabe khutu lakhutira.

Buku la ndakatulo la E.J. Chadza lidatuluka mu 1963, koma agogo athu adadziwa kugunda kumeneku kalekale m'nyimbo za pamtondo ndi za kumunda. Mwana wongothamangira mathero amapotoza mawu mpaka tanthauzo litayika.

Makolo, mwana akalemba ndakatulo, muuzeni ailakatule mokweza pamaso pa agogo ake. Pamene lilime lapunthwa, mpamene payenera kukonzedwa.