Khirisimasi imene anthu anatula mfuti n'kuyamba kuwerenga mbalame

Kale ku Amerika kunali mwambo wa pa Khirisimasi umene lero ungatidabwitse. Amuna a m'mudzi ankagawana magulu awiri, n'kulowa m'tchire ndi mfuti. Dzuwa likamalowa, gulu lililonse linkaunjika nyama ndi mbalame zimene lapha, ndipo la mulu waukulu ndilo linkapambana. Sankafunsa ngati mbalameyo ndi yodyedwa kapena ayi. Tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mpulumutsi linkatha ndi milu ya nthenga.

M'chaka cha 1900, katswiri wa za mbalame wa mumzinda wa New York, Frank Chapman, analemba m'magazini yake kupempha anthu kuti asinthe mpikisanowo. Anati apitebe kutchire pa Khirisimasi, koma m'malo mopha mbalame aziwerenge. Pa 25 Disembala chaka chimenecho anthu 27 okha ndiwo anamvera. Anawerenga m'malo 25 a ku Amerika ndi Canada, ndipo anapeza mitundu ya mbalame pafupifupi 90.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kalembera amene anayamba ndi anthu 27 uja akuchitikabe chaka ndi chaka, kuyambira pa 14 Disembala mpaka pa 5 Januwale, motsogozedwa ndi bungwe la National Audubon Society. Anthu zikwizikwi amadzipereka popanda malipiro. Gulu lililonse limapatsidwa dera lozungulira, lotalika makilomita 24 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo limayenda tsiku lathunthu kulemba mbalame iliyonse imene laiona kapena kuimva. Ambiri mwa iwo si akatswiri. Ndi aphunzitsi, alimi, ana a sukulu, ndi okalamba amene amawerengera pazenera chifukwa miyendo inatopa.

Wina angafunse kuti, kodi kuwerenga mbalame kuli ndi phindu lanji? Mbiri ya nkhunda ina yakutchire ya ku Amerika komweko ikutiyankha. Nkhundazo zinali zochuluka kotero kuti zikamadutsa zinkaphimba dzuwa kwa maola angapo. Anthu ankazipha n'kumazitumiza m'mizinda pa sitima zapamtunda, poganiza kuti chinthu chochuluka chotero sichingathe. Koma pa 1 Seputembala 1914 nkhunda yomaliza ya mtundu umenewo, imene anaipatsa dzina loti Martha, inafera m'khola kumalo osungirako nyama a ku Cincinnati. Chinthu chimene sitichiwerenga chimatha tili chigonere.

Kuwerenga ndiko kumatidzutsa. M'chaka cha 2019 akatswiri anasonkhanitsa zimene anthu akhala akulemba kwa zaka zambiri, kuphatikizapo kalembera wa pa Khirisimasi uja, ndipo anapeza kuti kuchokera mu 1970 mbalame za kumpoto kwa Amerika zachepa ndi pafupifupi mabiliyoni atatu. Palibe munthu mmodzi amene akanaona zimenezi ali pakhomo pake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zinatheka chifukwa anthu wamba ambiri analemba mokhulupirika zochepa zimene aliyense anaona.

Ku Britain nakonso, kuyambira mu 1979, bungwe la RSPB limapempha mabanja kuti kumapeto kwa Januwale akhale ola limodzi kuwerenga mbalame zotera pakhomo pawo. Ndipo m'madambo ndi m'nyanja za maiko ambiri, kuphatikizapo a muno mu Afirika, mumachitika kalembera wa mbalame za m'madzi, amene anayamba mu 1967.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Dziko lathu la Malawi, ngakhale ndi laling'ono, lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Nkhwazi imene imalira m'mbali mwa nyanja ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu. M'nkhalango za m'mapiri a kummwera, monga Zomba ndi Mulanje, muli kambalame ka khosi lachikasu, ka mtundu wa apalis, kamene sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Nkhalango zimenezo zikatha ndi nkhwangwa ndi makala, kambalameko sikadzakhala ndi kothawira.

Taganiziraninso za nyanja ya Chilwa, malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika padziko lonse. Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire inatsatira mu 2017. Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho mvula ikavuta imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Nsomba zikasowa, mabanja ambiri amatembenukira ku mbalame kuti apeze ndiwo ndi kandalama. Sitingawaweruze tili okhuta, pakuti njala ilibe manyazi. Koma alenje eniake a ku Chilwa anafika pozindikira kuti kusaka kopanda malire n'kudzidula khosi, ndipo anakhazikitsa magulu ogwirizana za malo ndi nyengo zosiya mbalame kuti ziswane. Mgwirizano wotere sungayende popanda wina wowerenga. Adziwa bwanji kuti atsekwe akuchuluka kapena akuchepa?

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa owerenga Malemba. Pa Deuteronomo 22:6-7 Aisraeli analamulidwa kuti akapeza chisa angathe kutenga ana, koma make amusiye apite, ndipo lamuloli linadza ndi lonjezo la moyo wautali. Mulungu sanaletse munthu kudya. Analetsa kudya lero mpaka kuiwala mawa.

Mbalame zina zimene timaziona m'nyengo ya dzinja ndi alendo ochokera kutali. Namzeze amene amandandalika pa mawaya a magetsi kuyambira cha mu Okutobala, ambiri anaswedwa ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo pofika Epulo amakhala atabwerera. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kamawoloka nyanja ndi chipululu kawiri pachaka. Anthu sanazidziwe bwino zimenezi mpaka pamene anayamba kuveka mbalame timphete kumwendo. Namzeze wina amene anavekedwa kamphete ku England mu 1911 anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa, mu Disembala 1912. Komabe zaka mazanamazana izi zisanachitike, mneneri Yeremiya anali atayang'ana kale kumwamba. Pa Yeremiya 8:7 akudzudzula anthu ake powayerekeza ndi mbalame zoyendayenda, zimene zimasunga nyengo ya kubwerera kwawo pamene anthu a Mulungu sadziwa kubwerera kwa Iye. Mneneriyo anali munthu woyang'anitsitsa mbalame.

Ambuye Yesu nayenso, pa Mateyu 6:26, pophunzitsa za nkhawa, analozera ophunzira ake ku mbalame. Mlaliki wotchuka wa ku London, John Stott, amene anamwalira mu 2011, ankakonda kunena moseka kuti iye anangotenga mawu amenewa monga lamulo. Kulikonse kumene ankapita kukalalikira ankanyamula magalasi oonera patali, ndipo analemba buku lathunthu la zimene mbalame zimatiphunzitsa. Amene anayang'anapo mpheta amadziwa kuti phunzirolo si la ulesi. Mpheta imadzuka mbandakucha n'kufunafuna chakudya tsiku lonse. Chimene ilibe ndi kusowa tulo chifukwa cha mawa.

Palinso masamu ena okoma m'Mauthenga Abwino. Mateyu 10:29 akuti mpheta ziwiri zinkagulidwa ndi kakobiri kamodzi, pamene Luka 12:6 akuti zisanu zinkagulidwa ndi timakobiri tiwiri. Aliyense amene anagulapo tomato pamsika waona kale chimene chachitika: yachisanuyo inali ya basera. Wogulitsa sanaiwerengere, koma Yesu akuti ngakhale imeneyo Mulungu saiiwala. Munthu amene wakhala pansi pa mtengo kulemba timba mmodzi m'kope akuchita, mwa njira yake yochepa, chimene Atate amachita: kusamala za chinthu chimene msika sunachipatse mtengo.

Tikudziwa kuti si onse amene amaziona mbalame ndi diso lachikondi. Mlimi wa mpunga kapena mapira amene watuma ana kukaingitsa mpheta kuyambira m'mawa mpaka madzulo ali ndi dandaulo lomveka. Koma tikumbukire zimene zinachitika ku China mu 1958, pamene boma linalamula kuti mpheta zonse ziphedwe chifukwa zimadya mbewu. Mpheta zitatha, dzombe ndi tizilombo tina tinachuluka m'minda, ndipo pofika 1960 lamulolo linasiyidwa. Mbalame imene imatola mpunga wathu ndi yomwenso imadyetsa ana ake mbozi. Ngakhale kadzidzi, amene ambiri timamugenda pomuyesa mthenga wa maliro, usiku amakhala akutichotsera makoswe pankhokwe.

Nanga banja lingayambe bwanji? Sipafunika ndalama. Pafunika kope, cholembera ndi ola limodzi la m'mawa, mbalame zikamalira kwambiri. Sankhani malo amodzi, kaya ndi kuseri kwa nyumba, kudimba, kapena pa mitengo ya patchalitchi, ndipo muzibwerera pomwepo mwezi ndi mwezi. Lembani tsiku, nthawi ndi nyengo. Pa mtundu uliwonse lembani chiwerengero chachikulu chimene mwaona pa nthawi imodzi, kuti pumbwa mmodzi wobwera kasanu asasanduke apumbwa asanu. Mbalame imene simukuidziwa musaipatse dzina lopeka. Lembani kukula kwake, mtundu wa nthenga, mlomo ndi kaliridwe. Ndipo mukhale chete, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa ntchito imeneyi agogo ndiwo aphunzitsi. Iwo amadziwa kusiyanitsa njiwa ndi nkhwali pongomva kulira, amadziwa chisa chachikulu cha nantchengwa, amadziwa chifukwa chake akakowa amatsata ng'ombe. Maina amenewa akutha pamodzi ndi eni ake, ndipo mwana wa m'tauni mbalame iliyonse amangoti mbalame. Ntchito yoyamba imene Adamu anapatsidwa pa zamoyo inali yozitcha maina. Chinthu chimene uli nacho dzina suchiwononga mwachisawawa. Mnyamata amene ali ndi luso la legeni ali kale ndi maso akuthwa ndi mapazi osapanga phokoso; chimene akusowa ndi munthu womupatsa cholembera. Masukulu ambiri ali ndi makalabu a zachilengedwe, ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito ndi makalabu otere kwa zaka zambiri. Palibe choletsa Sande sukulu kapena gulu la achinyamata kuyamba kope lawo.

Kope limenelo lidzaoneka lopanda pake chaka choyamba. Pakatha zaka khumi lidzakhala mboni. Lidzanena ngati anamzeze akubwerabe pa nthawi yake, ndiponso chimene chinasowa pamene mkuyu wa kudambo unadulidwa. Anthu 27 aja sanadziwe kuti zidzukulu zawo zidzafuna manambala awo. Anangokhala okhulupirika pa chaching'ono.

Mlengi amene saiwala mpheta ya basera atipatse maso oona, mtima wodekha ndi manja odziwa kuleka. Akudalitseni nonse m'makomo mwanu.