Tijambule Mawu a Iwo Amene Anapita ku Joni

Nkovuta kupeza mudzi m'dziko muno, kuyambira ku Mzimba kufikira ku Nsanje, umene sunaperekezepo mwana wake wopita ku Halale kapena ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya chikwati. Koma ngakhale amuna zikwi zambirimbiri analemba Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena nakwera malole a Ulere kunka ku minda ya fodya ya ku Rhodesia, mbiri ya maulendo awo ikali m'mitima ya nkhalamba zimene zikutha tsiku ndi tsiku.

Mabuku amatiuza za Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe la antchito ku Cape Town mu 1919. Amatiuzanso za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu 1974 niipha anthu oposa 70, mwakuti Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Koma dzina la agogo anu mulibemo, ndipo ngati simuwafunsa inu, palibe adzawafunse.

Chida muli nacho kale m'thumba, ndicho foni yojambula mawu. Muyambe mwapempha, pakuti si bwino kutenga mawu a munthu wamkulu mobisa, mukhale nawo pamphasa dzuwa litapepa, ndipo musawafunse zazikulu, monga mmene moyo unalili kunjako, chifukwa adzangoti, “Aa, mwana wanga, kunali mavuto.” Afunseni kumene anakwerera, chimene anadya m'komponi, dzina limene kapitawo ankawaitana nalo, ndi katundu amene anali m'bokosi lawo pobwera, kaya bulangete, kaya wilo ya njinga, kaya jekete lija likali pamsomali kuchipinda. Akakhala chete musawadule, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kawirikawiri mawu olemera amatuluka pambuyo pa chete ameneyo.

Ndikupemphani makamaka kuti musalambalale amayi, iwo amene anatsala akulima okha, akulera ana, akudikira kalata imene mwina sinafike. Mkazi wa mtchona ali ndi theka la mbiriyo, ndipo theka lake ndilo lowawa koposa, chifukwa mwamuna wake anakakwatira ku Mbare kapena ku Highfield, kuja ku Halale, nabala ana amene lero amavina Gule Wamkulu pa dziko la eni osadziwa mudzi wa atate awo.

Palinso phindu looneka ndi maso: bungwe la Tshiamiso Trust, limene limapereka chipepeso kwa odwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ya golide, limafuna umboni wa mgodi ndi zaka zimene munthu anagwira ntchito. Choncho lembani dzina la mgodiwo, jambulani ziphaso zakale zimene agogo anasunga, ndipo mawuwo muwatumize kwa abale angapo kuti foni ikatayika asatayike nayo. Pitani kumudzi mwezi uno, musadikire Khirisimasi.