Luso lisathere m'kope: kuthandiza wophunzira kukonza chionetsero chake choyamba

Pafupifupi pasukulu iliyonse pamakhala mwana mmodzi amene aphunzitsi amamuitana akafuna kuti pabolodi pajambulidwe mapu kapena mtima wa munthu. Ndi yemweyo amene amalemba dzina la golosale pakhoma, ndipo alangizi a zaumoyo akafuna chikwangwani chochenjeza za kolera amathamangira kwa iye. Anthu amamuyamikira pakamwa, kenaka n'kumuiwala. Akamaliza sukulu, makope ake amadyedwa ndi chiswe, mwini wake n'kupita kutauni kukasaka ganyu.

Njira imodzi yotetezera luso lotere ndiyo kumuthandiza mwanayo kukonza chionetsero chakechake, pamene ntchito za manja ake okha zimaikidwa poyera kwa masiku angapo kuti anthu azione, azifunse ndi kugula. Sichifuna nyumba yapamwamba ya mumzinda. Chimafuna nthawi, malo, zipangizo ndi akuluakulu ochepa omuimira kumbuyo. Alangizi a zachitukuko, aphunzitsi ndi makolo angathe kupereka zonsezi.

Phunziro lochokera ku Mozambique

Malangatana Ngwenya, katswiri wojambula wa ku Mozambique, adabadwa m'chaka cha 1936 m'mudzi wa Matalana, kufupi ndi mzinda wa Lourenço Marques umene lero ndi Maputo. Ali mnyamata adapita mumzindawo kukafuna ntchito, ndipo adalembedwa yotola mipira pabwalo la masewero a tenisi. Masana ankagwira ntchito, usiku n'kumapita kusukulu. Mmodzi mwa osewera, Augusto Cabral, ataona zojambula zake adamupatsa zipangizo. Pambuyo pake katswiri wolemba mapulani a nyumba, Pancho Guedes, adamupatsa galaja ya pakhomo pake kuti azijambuliramo, ndipo ankamugula zithunzi mwezi ndi mwezi kuti asasowe chakudya.

M'chaka cha 1959 zithunzi zake zidaonetsedwa pamodzi ndi za anthu ena. Chionetsero chake payekha chidachitika mu 1961. Pofika nthawi ya imfa yake mu 2011, dzina lake lidali litamveka dziko lonse lapansi, ndipo bungwe la UNESCO lidali litamupatsa ulemu wa mmisiri wolimbikitsa mtendere mu 1997.

M'mbiriyi muli zinthu ziwiri zofunika kuzisunga. Choyamba, amene adamuthandiza sadamugwirire burashi. Adamupatsa utoto, malo ndi mpata, koma zojambula zidali zochokera m'mutu mwake. Chachiwiri, padadutsa zaka ziwiri kuchokera pamene adaonetsa pagulu kufika pamene adaima yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira amene sadaonetsepo chilichonse ayambe waika zithunzi ziwiri kapena zitatu patsiku la makolo kusukulu kapena pachionetsero cha zaulimi, amve zimene anthu akunena, asanaganize zodzaza holo yekha.

Kodi chionetserochi chikunena chiyani?

Cholakwa chimene ongoyamba kumene amachita kawirikawiri ndicho kutulutsa chilichonse chimene adajambulapo chiyambire: nkhope ya woimba wotchuka, mkango wokopera m'buku, maluwa, galimoto. Woonera amatuluka atatopa, osakumbuka kalikonse. Chionetsero chabwino chimakhala ndi mutu umodzi womanga ntchito zonse pamodzi. Mutuwo ukhoza kukhala ntchito za amayi kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, moyo wa asodzi padoko, kapena mmene mtsinje wa m'mudzimo wasinthira kuchokera pamene mitengo ya m'mbali mwake idadulidwa.

Pano alangizi ayenera kudziletsa. N'kosavuta kuuza mwana kuti ajambule za Edzi, za ukhondo kapena za manyowa chifukwa ndizo zili pandondomeko ya ntchito yathu. Tikatero tapeza zikwangwani zaulere, koma mwanayo sitidamuthandize. Mufunseni chimene chimamusowetsa tulo, ndipo mutu uchokere pamenepo.

Mutu ukadziwika, ayale ntchito zake zonse pamkeka ndi kusankha monga mlimi asankhira mbewu: zokhwima pambali, zofooka pambali. Zithunzi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri zosankhidwa bwino n'zokwanira chipinda cha kalasi. Ndi bwino kuitana mphunzitsi kapena mmisiri wachikulire kuti athandize kusankha, chifukwa mwini ntchito amakonda chithunzi chimene adavutika nacho kwambiri, ngakhale chisali chokoma.

Nthawi ndi malo

Kukonzekera kuyambe miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi tsiku lisanafike. M'madera ambiri a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, nyengo yabwino ndi yapakati pa Juni ndi Ogasiti. Nthawi imeneyi mvula yatha, misewu ikupitika, ndipo alimi agulitsa mbewu zawo kotero kuti m'thumba muli kangachepe. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene anthu ali kalikiliki kumunda ndipo nkhokwe zapepuka, si yoitanira anthu kudzagula zithunzi. Onetsetsaninso kuti tsikulo silikuwombana ndi mayeso a wophunzirayo. Sukulu ndiyo yoyamba.

Malo akhoza kukhala kalasi panthawi ya tchuthi, holo ya tchalitchi, bwalo la mzikiti ngati atsogoleri avomereza, laibulale, kapena chipinda cha ofesi ya zaulimi. Pokaona malowo, funsani mafunso awa. Kodi denga silidontha? Kodi chitseko chili ndi loko, nanga kiyi asunga ndani? Kodi mumalowa kuwala kokwanira popanda magetsi? Kodi eni ake alola kukhoma misomali pakhoma? Kodi munthu woyenda panjinga ya olumala angalowe? Malo oyandikana ndi msika amaposa holo yokongola imene ili kutali, makamaka ngati tsiku lotsegulira ndi la msika.

Zimene mwagwirizana ndi eni malo zilembedwe papepala: masiku, malipiro ngati alipo, ndi amene adzakonze pakhoma pakaonongeka. Mfumu ya deralo idziwitsidwe msanga, isamvere m'mphepo.

Ndalama zichokera kuti?

Lembani zofunika zonse musanagule kanthu: mapepala kapena nsalu, utoto, mafelemu, chingwe, misomali, mayendedwe ndi zoitanira anthu. Chimene chimadya ndalama zambiri nthawi zonse ndi mafelemu a galasi, ndipo si okakamiza. Kalipentala wa pamsika angakhome timatabwa tosalala, kapena chithunzi chingamatidwe pakatoni yolimba yodulidwa mowongoka. Nsungwi ndi mikeka yatsopano zimapanga khoma labwino pamene khoma lenileni lili lakuda. Ku Tanzania, Edward Saidi Tingatinga adayamba m'chaka cha 1968 kujambula ndi penti wa njinga pazidutswa za mabolodi a siling'i, ndipo kajambulidwe kotchedwa dzina lake kakudyetsabe mabanja mpaka lero. Kuchepa kwa zipangizo sikuletsa ntchito.

Chenjezo lalikulu ndi lokhudza ngongole. Banja lisagulitse mbuzi kapena kutenga ngongole kubanki mkhonde poyembekezera kuti zithunzi zikagulidwa libweza. Pachionetsero choyamba n'zotheka kugulitsa zithunzi ziwiri zokha, mwinanso osagulitsa n'chimodzi chomwe. Ndi bwino kupempha thandizo la zinthu osati la ndalama: wagolosale apereke makatoni, sukulu ibwereke mabenchi, wailesi ya m'deralo ilengeze mwaulere. Aliyense wothandiza dzina lake lilembedwe pakhomo polowera.

Kuika mtengo

Ophunzira ambiri amachita manyazi kutchula mtengo, ndipo amangoti, "Perekani imene muli nayo." Mawu amenewa ndi amene amagwetsa amisiri. Mtengo uwerengedwe motere: ndalama zimene zalowa pazipangizo, kuphatikiza masiku amene ntchitoyo yatenga powerengera malipiro a tsiku a mmisiri ngati kalipentala kapena telala wa m'deralo, kenaka kaphindu pang'ono pamwamba. Zithunzi zofanana kukula zikhale ndi mitengo yoyandikana. Mtengo ulembedwe poonekera ndipo ukhale umodzi kwa aliyense, kaya ndi mphunzitsi wa pompo kaya ndi mlendo wobwera pagalimoto.

Pakhalenso tinthu ting'onoting'ono ta mtengo wotsika, monga timakadi tojambula pamanja, kuti mlimi amene wakondwera asabwerere chimanjamanja. Chithunzi chikagulidwa chiikidwe kachizindikiro kofiira pambali, koma chikhalebe pakhoma mpaka tsiku lotsekera. Wogula apereke ndalama yachikole ndi kulandira lisiti. Ngati wophunzirayo sadakwane zaka 18, ndalama zilandiridwe ndi kholo kapena mphunzitsi amene banja lamusankha, ndipo mwanayo asapite yekha kunyumba kwa wogula.

Tsiku lina akadzaonetsa m'nyumba zogulitsira zaluso za mumzinda, adzapeza kuti eni nyumbazo amatapapo gawo pamtengo wa chithunzi chilichonse. Ndi bwino azolowere tsopano kufunsa za gawolo ndi kulilemba asanapereke ntchito yake.

Ulemu ndi malamulo

Wogula chithunzi wagula chithunzi chokhacho, osati ufulu wochisindikiza pamalaya, pakalendala kapena m'lipoti la bungwe. Ufulu umenewo umatsala ndi wojambula pokhapokha ataupereka. Ku Malawi nkhanizi zimayendetsedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lingathe kulangiza. Mabungwe a chitukuko akhale oyamba kupereka chitsanzo polipira akafuna kugwiritsa ntchito chithunzi cha mwana.

Ngati chithunzi chikuonetsa nkhope ya munthu wodziwika m'mudzimo, mwini nkhopeyo apemphedwe chisanapachikidwe. Pali nkhaninso za miyambo. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamuika mu 2005 pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, ali ndi zake zoonekera pabwalo ndi zake za kudambwe. Wojambula wachinyamata afunse mafumu ndi akuluakulu asanaonetse zotere. Ku Mua m'boma la Dedza, malo a zaluso a Kungoni, amene adakhazikitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, ndi chitsanzo cha mmene luso la manja ndi ulemu wa miyambo zingayendere limodzi.

Osema ziboliboli asamale ndi mtengo umene akugwiritsa ntchito. Mkungudza wa kuphiri la Mulanje ndi wotetezedwa, ndipo malonda a phingo pakati pa mayiko akhala akuyang'aniridwa ndi pangano la CITES kuyambira 2017. Funsani alangizi a zankhalango musanadule.

Kupachika ndi kuitana anthu

Ntchito zonse zithe kutatsala milungu iwiri, chifukwa utoto wamafuta umachedwa kuuma ndipo chojambula ndi makala chimafufutika chikakhudzidwa. Ponyamula, ikani pepala pakati pa chithunzi ndi chinzake. Kupachika kuchitike dzulo lake, osati m'mawa wa tsikulo. Pakati pa chithunzi pakhale molingana ndi maso a munthu wamkulu ataimirira, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo pakati pa zithunzi pasiyidwe mpata kuti chilichonse chioneke pachokha. Pewani khoma lowombedwa ndi dzuwa, poti limafwifwitsa utoto. Chithunzi champhamvu koposa chiyang'anizane ndi khomo.

Pansi pa chithunzi chilichonse pakhale kapepala kolembedwa dzina lake, chaka, zipangizo ndi mtengo, m'chinenero chimene anthu a kumeneko amalankhula. Popeza ena sadziwa kuwerenga, wojambulayo azikhalapo kuti afotokoze, ndipo anzake awiri kapena atatu azisinthana kulondera.

Uthenga uyambe kuyenda kutatsala milungu itatu: m'matchalitchi ndi m'mizikiti, pamisonkhano ya makalabu a alimi, pawailesi ndi pamagulu a WhatsApp. Mfumu, mphunzitsi wamkulu ndi amisiri achikulire alandire kalata. Patsiku lotsegulira zolankhula zikhale zochepa. Mlendo wolemekezeka asatenge ola lathunthu pamene mwini chionetsero wapatsidwa mphindi ziwiri.

Chionetsero chikatha

Ntchito yofunika koposa imaiwalika kawirikawiri. Chithunzi chilichonse chijambulidwe ndi foni panja pamthunzi chisanachoke, ndipo m'kope mulembedwe dzina lake, kukula kwake, mtengo ndi amene wagula. Pakhomo pakhale kope lina loti alendo alembemo maganizo awo. Zimenezi ndizo wophunzirayo adzanyamule akadzafuna malo ku dipatimenti ya zaluso ya University of Malawi ku Zomba, kapena mwayi woonetsa ku Henry Tayali Gallery ku Lusaka kapena ku National Gallery of Zimbabwe ku Harare. Kumalo oterowo adzafunsidwa zimene adachitapo, ndipo umboni wake udzakhala zithunzizo ndi kopelo.

Patatha sabata, onse amene adagwira nawo ntchito akhale pansi ndi kuwerengera zolowa ndi zotuluka. Afunsane: ndi chithunzi chiti chimene anthu adaima nacho nthawi yaitali? Ndi chiti chimene adangochidutsa? Pandalama zimene zapezeka, gawo loyamba ligule zipangizo zina, kuti dzanja lisazizire. Ndipo mabenchi obwereka abwezedwe, holo isesedwe, eni malo athokozedwe, chifukwa chaka chamawa m'kalasi lomwelo mudzatuluka mwana wina amene adzafune khoma lomwelo.