MWANA SASIYA SUKULU TSIKU LIMODZI

Munthu amene ayenda m'mawa ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Area 23 pa nthawi imene belu la sukulu lalira kale, salephera kuona anyamata ndi atsikana a msinkhu wa Sitandade 7 kapena Fomu 2 ali pa ntchito zina. Wina asenza beseni la mandasi, wina apalasa kabaza, wina akusankha mtedza pa msika wa Mgona kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Ambiri a iwo maina awo akadali m'kaundula wa sukulu. Sanasiye, koma ali pa njira yosiyira.

Boma lachita mbali yaikulu pochotsa zopinga. M'chaka cha 1994 fizi ya ku pulayimale inathetsedwa, ndipo chiwerengero cha ana olembetsa chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndondomeko ya 1994 isanakhazikike bwino m'mitima ya makolo, panafunikanso Lamulo la Maphunziro la 2013, limene linati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Ndipo mu 2025 Boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro a m'sukulu zake za sekondale akhale aulere.

Komatu phunziro la 1994 ndi lakuti kutsegula chitseko n'kwina, kusunga mwana m'kalasi n'kwina. M'tauni mulibe munda. Ufa, makala, madzi a pa kiyosiki ndi lendi ya nyumba, zonse zifuna ndalama ya tsiku lomwelo. Tsono bambo akachotsedwa ntchito kapena mayi akadwala, maso onse apenya mwana wamkulu. Ajomba Lolemba kuti akagwire ganyu, mlungu wotsatira ajomba masiku atatu, mayeso alephera, abwereza kalasi pakati pa ana aang'ono, manyazi am'gwira, ndipo teremu ina saonekanso. Kwa mtsikana msampha ndi woopsa koposa, pakuti amene am'gulira sopo ndi nsapato kawirikawiri ndiye amene am'patsa mimba. Izi zinaoneka poyera m'chaka cha 2020, pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo atsikana zikwi zambiri m'dziko muno anatenga pathupi kapena kukwatiwa.

Kodi chimene chithandiza n'chiyani? Kafukufuku amene anachitika m'boma la Zomba mu 2008 ndi 2009, pa atsikana a zaka 13 mpaka 22, anapereka yankho lomveka. Mabanja amene ankalandira kandalama pamwezi, pa pangano lakuti mtsikana azipita ku sukulu, ana awo anajomba mochepa ndipo ochepa anasiya. Pamene ndalamayo inaperekedwa popanda pangano, mimba ndi maukwati a ana zinachepa makamaka pakati pa atsikana amene anali atasiya sukulu. Nzeru yofananayo ili m'ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imawonjezera ndalama pa mwana aliyense wa sukulu m'banja lolandira. Akuluakulu okonza thandizo lotere ayenera kukumbukira kuti umphawi suthera kumidzi: kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo ochuluka a iwo amakhala m'malo othithikana monga atchulidwa aja.

Chida china chilipo kale. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera ku sukulu, ndipo ndondomekoyo inakonzedwanso mu 2006 ndi mu 2018. Koma pepala la ku Unduna silingam'landire pa khomo la kalasi. Amene am'landira ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo amene aletsa anzake kum'seka ndi mphunzitsi wa kalasi. Magulu a amayi a pa sukulu, amene amayendera makolo ndi kulangiza atsikana, apindula pokhapo ngati wina awauza msanga dzina la mwana amene wayamba kusowa.

Pamenepa ndi pamene kaundula asanduka chida chamtengo wapatali. Mphunzitsi wa ku Kawale kapena ku Biwi amene aona mpata wa masiku atatu pa dzina limodzi, natumiza mawu kwa makolo, kwa mfumu ya m'deralo kapena kwa gulu la amayi mlungu womwewo, wachita ntchito imene ndalama zambiri sizingaichite chaka chikatha. Ophunzira uphunzitsi pa koleji ya ku Area 25 ayenera kutuluka akudziwa zimenezi, ndipo alangizi a maphunziro poyendera sukulu azifunsa za ana ojomba monga momwe afunsira za okhoza mayeso. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana wosankha mtedza ku Mgona uja dzina lake likadali m'buku, ndipo nthawi yom'itana ndi ino.