Malamulo a nkhondo ya pa tebulo: bawo ya pa Luchenza ikuposa Dungeons & Dragons

Pali mkangano womwe sutha pakati pa okonda masewero a nthano a pa tebulo: kodi ndewu iziweruzidwa bwanji? Kwa amene simunamvepo, lotchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, lomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Mmodzi amasimba nthano, enawo aliyense amatenga munthu wake m'nthanomo, kaya msilikali kaya wamatsenga. Ena mwa ife tinalidziwira pa Stranger Things kapena pa gemu ya Baldur's Gate 3 ya mu 2023, ndipo malamulo ake oyambira ali ulere pa intaneti.

Ndewu yake imayenda chonchi. Ukafuna kumenya chilombo umaponya dayisi ya mbali 20, n'kuwonjezerapo nambala ya luso lako. Zikafika pa nambala ya chitetezo cha mdaniyo, wamumenya, ndipo amachotseredwa mapointi a moyo omwe amati hit points. Ikagwa 20 nkhonya yako ndi yoopsa, ikagwa 1 waphonya, olo utakhala katswiri chotani.

Vuto langa lili pa mapointiwo. Chilombo chomwe chinali ndi mapointi 80 n'kutsala ndi atatu chimamenyabe ndi mphamvu zomwe zija, ngati sichinakhudzidwe. Palibe chimasintha mpaka chifike pa ziro. Ndiye anthu amangoponyerana dayisi, uyu kuchotsera uyo kuchotsera, ngati kalaliki wa pa sikelo akulemba makilo a tiyi. Ndewu yomwe m'nthanomo ndi yosakwana mphindi imodzi (raundi iliyonse ndi masekondi 6) imatha kudya ola lathunthu. Amene wadikirira nthawi yake kenako n'kuphonya, basi, amayamba kugwiragwira foni.

Tsono pitani pa Luchenza madzulo, anthu ataweruka m'maesiteti, muime pomwe abambo akusewera bawo. Maenje 32, nkhomo 64, dayisi palibe. Nkhomo yako yomaliza ikagwera m'dzenje la kutsogolo lomwe muli kale zina, ndipo moyang'anana nalo muli za mnzako, wadya. Koma taonani zomwe zimachitika ndi zodyedwazo: sizichoka pa bawo ngati mmene zimakhalira pa drafuti. Umazitola n'kuzifesa mbali yako nthawi yomweyo, ndipo zikhoza kukudyetsanso kachiwiri, kachitatu. Asilikali a mdani asanduka ako. Kudya kumodzi kumasintha bwalo lonse, ndipo amene amaoneka ngati watha akhoza kubwerera ndi dzanja limodzi lowerengedwa bwino. N'chifukwa chake oonerera sachoka, ngakhale amaletsedwa kulowerera (salekanso, mukudziwa).

Okonda dayisi ali ndi mfundo, ndiyenera kuvomera. Pa bawo mwana wa Fomu 2 sangapambane mdala amene wasewera zaka 40, pomwe dayisi imapatsa mwayi ngakhale wobwera lero. Komanso nthano imakoma ikamadzidzimutsa wosimba yemwe.

Koma dayisi siyikakamiza kuti ndewu ikhale yowuma. Mu 2010 Vincent Baker ndi Meguey Baker anatulutsa Apocalypse World, yomwe imangofuna madayisi awiri wamba, omwewa a ludo. Zikakwana 10 kapena kuposa, zako zayenda. Zikakhala 6 kutsika, zavuta, ndipo wosimba amakugwetsera tsoka lina. Pakati apo, 7 mpaka 9, wapeza chomwe umafuna koma ulipira: wamenya chilombo koma mkondo wathyoka, wawoloka mtsinje koma katundu wapita ndi madzi. Mwa njira 36 zomwe madayisi awiri angagwere, 15 zimagwera pakatipo. Kuponya kulikonse kumasuntha nthano, monga mmene dzanja lililonse limasunthira bawo.

Mabuku a Dungeons & Dragons ndi okwera mtengo, ndipo dayisi ya mbali 20 simungaiyembekezere pa msika wa Luchenza. Gulu la achinyamata lofuna kuyamba lingogula madayisi a ludo, litole nkhomo khumi aliyense kuti zikhale moyo wake, ndipo likhazikitse lamulo loti nkhomo yomwe wataya pa ndewu izipita m'dzanja la amene wakumenya, aigwiritse ntchito powonjezera pa kuponya kwake kotsatira.