Zilembo zikasokonekera pafoni, funsani musanamwetse mwana mankhwala

Kodi munalandirapo uthenga pafoni pomwe dzina loti Malaŵi lalembedwa "MalaÅµi", kapena pomwe pali timabokosi ndi zizindikiro za funso m'malo mwa zilembo? Foni yanu sinaonongeke ayi. Vuto ndi loti makina awiri sanamvane.

Foni kapena kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala. Njira yofala masiku ano ndi UTF-8, yomwe inapangidwa m'chaka cha 1992. M'njira imeneyi, zilembo wamba monga a, b ndi w zimatenga nambala imodzi, koma ŵ amatenga ziwiri. Makina owerenga ndi njira yakale amaona nambala ziwirizo ngati zilembo ziwiri zosiyana, n'kutulutsa "Åµ". Kwa inu a ku Muloza amene mumalemberana ndi abale a ku Milange, ã wa Chipwitikizi amasandulika "Ã£" pa chifukwa chomwechi.

Uthenga wa SMS nawonso uli ndi malire ake. Umanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo ŵ mmodzi, malo amachepa kufika pa 70. Zikatero uthenga wautali umagawika m'zidutswa, ndipo china chikhoza kuchedwa kufika.

Pa dzina, munthu amangoseka. Pa mankhwala, nkhani ndi ina. Mwana wotsegula m'mimba amene sanakwane miyezi 6 amamwa theka la piritsi la zinki la 20 mg patsiku, pomwe wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amamwa lonse. Chizindikiro cha ½ chikhoza kufika ngati "Â½" kapena "?", mayi n'kusowa chochita. Chimodzimodzi µg ndi mg: mg imodzi ndi µg 1,000, choncho µ akasokonekera, mlingo wonse wasokonekera.

Inu alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka m'midzi ya m'boma la Mulanje, lembani mawu athunthu: "theka la piritsi", osati ½. Gwiritsani ntchito w wamba, ndipo uthenga ukhale waufupi. Mukatumiza, imbani foni kuti wolandirayo akuwerengereni zomwe akuona.

Inu makolo, uthenga wa mankhwala ukafika ndi zilembo zachilendo, musangoganizira tanthauzo lake. Onani zolembedwa m'buku la kusikelo ndi papaketi, kapena tengani foniyo mukamuonetse mlangizi. Mukhozanso kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni.