Forum Romanum, Bwalo Lakale la Mzinda wa Roma

Forum Romanum ndi bwalo lalikulu la mzinda wakale wa Roma, ku Italy, ndipo lili m'chigwa cha pakati pa timapiri tiwiri, Palatine ndi Capitoline. Kwa zaka zoposa 1,000 Aroma ankasonkhana pamenepa pozenga milandu, pochita malonda, popereka nsembe ndi pomvera nkhani za boma. Lero pangotsala mabwinja: maziko a nyumba, mizati ingapo imene idakali chilili, ndi miyala yangoti mbwee m'udzu. Mlendo wofika osadziwa mbiri yake amasokonezeka, chifukwa zinthu zimene zaima moyandikana zinamangidwa pa nthawi zotalikirana, zina motalikirana ndi zaka mazanamazana.

Poyamba chigwachi chinali dambo, ndipo anthu okhala m'timapiri tozungulira ankaikamo maliro. Cha m'ma 600 BC anakumba ngalande yaikulu yotchedwa Cloaca Maxima yotayira madzi mumtsinje wa Tiber. Dambo litauma, anasalaza pansi, malowo n'kukhala msika komanso bwalo la msonkhano.

Wolowera chakum'mawa, mbali ya Colosseum, amayamba kuona chipata cha chikumbutso cha mfumu Titus, chimene chinamangidwa cha m'ma 81 AD. M'kati mwake anasemamo asilikali atasenza zofunkha za m'kachisi wa ku Yerusalemu, amene Aroma anamuwononga mu 70 AD, ndipo choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri chikuonekabe bwinobwino pamapewa awo. Kwa owerenga Baibulo, pamenepa ndi pofunika kuimapo kanthawi. Kuchokera apo msewu wa Via Sacra umatsetserekera m'bwalo. Ndi msewu wa miyala ikuluikulu yakuda, yosalala chifukwa chopondedwa, umene akazembe ankadutsamo ndi chionetsero cha asilikali ndi akaidi akapambana nkhondo.

Chakumanzere kwa msewuwo kuli zotsala za kachisi wozungulira wa mulungu wamkazi Vesta. Munkayaka moto umene sunkaloledwa kuzima, pakuti Aroma ankakhulupirira kuti ukazima mzinda ugweredwa tsoka. Osonkhezera motowo anali anamwali asanu ndi mmodzi, osankhidwa ali ndi zaka zapakati pa 6 ndi 10, ndipo ankatumikira zaka 30 osakwatiwa. Ankalemekezedwa kwambiri, koma wophwanya lumbiro lake ankaikidwa m'manda ali moyo. Nyumba yawo ili pomwepo, ndipo m'bwalo lake lam'kati mudakali maiwe ndi mzere wa ziboliboli zawo, zambiri zopanda mitu.

Patsogolo pang'ono pali mulu wa miyala ndi dothi wofoleredwa ndi kadenga, wosavuta kuuphonya. Ndi zotsala za guwa la pa kachisi wa Julius Caesar, pamalo pamene khamu la anthu linatentha mtembo wake mu 44 BC. Ambiri amaganiza kuti anaphedwera m'bwalomu, koma anabayidwira kwina, m'nyumba ya misonkhano imene inamangidwa ndi Pompey, kufupi ndi malo amene lero amatchedwa Largo di Torre Argentina. Mfumu Augustus inatsegulira kachisiyu mu 29 BC, ndipo mpaka pano alendo amasiyapo maluwa ndi timakobidi.

Moyo wa anthu wamba umaoneka pa masitepe a Basilica Julia, chinyumba chachikulu chozengeramo milandu. Pamiyala ya masitepewo pali timizere ndi timaenje timene anthu anagoba kuti azisewererapo, monga mmene ena amakumbira nsolo pansi pa mtengo podikira kuti mlandu uyambe. Zimenezi sizinalembedwe ndi mfumu kapena mmisiri. Ndi ntchito ya manja a anthu amene ankangotayitsa nthawi, ndipo wofuna kuziona ayenera kuwerama.

Kumapeto a kumadzulo n'kumene kunali ndale. Kuli nsanja yotchedwa Rostra, pamene atsogoleri ankaima polankhula kwa anthu. Inakongoletsedwa ndi nsonga zamkuwa za zombo zimene Aroma analanda ku Antium mu 338 BC. Cicero, katswiri wodziwa kulankhula, ataphedwa mu 43 BC, mutu wake unapachikidwa pa nsanja yomweyo. Chapafupi pali Curia, nyumba ya njerwa mmene aphungu ankakumana, mizati isanu ndi itatu ya kachisi wa Saturn, mmene munkasungidwa chuma cha boma, ndi chipata cha Septimius Severus cha mu 203 AD. Mfumu imeneyi inabadwira ku Africa, mumzinda wa Leptis Magna m'dziko limene lero ndi Libya. Pachipatacho panalembedwa mayina a ana ake awiri, Caracalla ndi Geta, koma Caracalla atapha mng'ono wake mu 211 AD analamula kuti dzina la Geta lifafanizidwe. Woyang'anitsitsa amaona pamene mwalawo unapalidwa. Kuseri kwa chipatacho kuli ndende ya Mamertine, mmene munafera Jugurtha, mfumu ya ku Numidia, mu 104 BC, ndipo mwambo wa Akhristu umati mtumwi Petro anatsekeredwamonso.

Chomangidwa chomaliza m'bwaloli ndi mzati wa mfumu Phocas wa mu 608 AD. Pa nthawiyo anthu a mumzinda anali atachepa kwambiri. Zivomezi zinagwetsa nyumba zina, ngalande zinatsekeka, ndipo matope ndi zinyalala zinakwirira bwalo mamita angapo mpaka linasanduka busa la ng'ombe lotchedwa Campo Vaccino. Komabe chimene chinawononga kwambiri ndi manja a omanga. Kwa zaka mazana ambiri, makamaka m'ma 1500, ankagumula akachisi kuti apeze miyala yosemasema yomangira matchalitchi ndi nyumba za olemera, ina n'kumaiotcha m'ng'anjo kuti apange laimu. N'zomvetsa chisoni kuti ntchito yambiri ya amisiri akale inathera pamoto mwa njira imeneyi.

Nyumba zimene zinapulumuka ndi zimene zinasandutsidwa matchalitchi. Curia inakhala tchalitchi mu 630 AD, n'chifukwa chake idakali ndi makoma ake onse. Zitseko zake zamkuwa zinasamutsidwira ku tchalitchi cha Lateran mu 1660, ndipo zimene zilipo ndi zongofanizira. Kachisi wa Antoninus ndi Faustina, wa mu 141 AD, anamangidwamo tchalitchi cha San Lorenzo in Miranda. Khomo lake lili m'mwamba, patali ndi masitepe akale, moti palibe angalifikire kuchokera m'bwalo. Pamene pali khomolo m'pamene dothi linkalekeza pa nthawi imene ankaliika.

Ntchito yofukula mwadongosolo inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 motsogozedwa ndi Carlo Fea. Kuyambira mu 1898 Giacomo Boni anakumba mozama, akumalemba za dothi lililonse limene wadutsa, ndipo mu 1899 anapeza Lapis Niger, malo oyalidwa miyala yakuda amene pansi pake pali chimodzi mwa zolembedwa zakale kwambiri za Chilatini. Mu 1980 bungwe la UNESCO linaika chigawo chakale cha Roma, kuphatikizapo bwaloli, pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Tikiti yolowera ku Colosseum imagwiranso ntchito m'bwaloli ndi ku Palatine, ndipo siteshoni ya sitima yapansi imene ili pafupi ndi Colosseo. Mithunzi ndi yochepa, choncho m'miyezi yotentha ya Julaye ndi Ogasiti ndi bwino kulawira m'mamawa, kuvala nsapato zolimba chifukwa miyala ya mumsewu ndi yosalingana, ndi kunyamula botolo lotungira madzi pa mipopi imene ili m'katimo. Wofuna kumvetsa mmene bwalo linayalidwira amakwera kaye pa Palatine, pamene chigwa chonse chimaoneka kuchokera pa chipata cha Titus mpaka m'tsinde mwa Capitoline, kenako n'kutsikira m'mabwinjamo.